Mlimi wake uti, mwini munda kapena amene anathyola?

Mlongo wanga amagwira ntchito pamalo ena omwera khofi ku Avondale, kuno ku Harare, kumene kapu imodzi anthu amalipira madola atatu osanyinyirika. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Highfield tinadzera kwa malume, ndipo iye anawatengera kathumba kotha khofi kochokera kuntchito kwake. Timatumba timeneti n'tolimba, sitilowa chinyezi, ndiye malume amasungiramo mbewu ya therere ndi ya maungu. Atakalandira anakatembenuza uku ndi uku, maso n'kuima pa kachizindikiro ka Fairtrade ka pakona, kobiriwira ndi kabuluu, pakati pali munthu wokweza dzanja.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi mlimi, malume. Akaika chimenechi ndiye kuti mlimi analipidwa bwino."

Malume anayamba akhala chete. Kenako anati, "Mlimi wake uti, mwanawe? Mwini munda, kapena amene anathyola?"

Sanafunse mwachipongwe ayi. Agogo anachoka ku Dedza nthawi ya Ulere, pamene magalimoto aulere ankanyamula anthu kubwera nawo kuno, kudzasaka ntchito m'mafamu, ndipo malume anabadwira m'komboni. Zaka zambiri za unyamata wawo anathyola khofi pa esiteti ina ku Chipinge, pamodzi ndi anzawo ochokera ku Mozambique. Amadziwa kulemera kwa chitini chodzaza zipatso zofiira, amadziwa mmene zala zimamatira madzulo, amadziwanso kuima pamzere kudikira kuti kapitawo alembe makilo. Funso lawo ndi limene akatswiri a zachuma akhala akulimbana nalo zaka zambiri, ndipo yankho lake si lalifupi.

M'Chichewa mawu oti mtengo ali pawiri, wobzala ndi wogulira, ndipo pa khofi awiriwa amakhala motalikirana kwambiri. Wobzala uli ku Misuku ku Malawi, ku Honde Valley kuno ku Zimbabwe, ku Sidama ku Ethiopia. Wogulira umapangidwa ku New York ngati ndi khofi wa arabica, amene amalimidwa kuno ndi ku Malawi, ndipo ku London ngati ndi robusta. Arabica amamuwerengera pa paundi, yomwe ndi magalamu 454, kuperewera pang'ono theka la kilo. Dziko la Brazil lokha limatulutsa khofi woposa gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi yense wa padziko. Choncho chisanu kapena chilala chikagwa ku Minas Gerais, chigawo cholima khofi cha dzikolo, mtengo umakwera, ndipo akakolola zambiri umagwa, ngakhale mlimi wa ku Phoka atasamalira munda wake mofanana ndi chaka chatha.

Kale panali chotchinga. Kuyambira 1962 mayiko olima ndi mayiko omwa khofi anali pa mgwirizano woti dziko lililonse lizitumiza kunja mlingo wakutiwakuti, kuti msika usasefukire. Mu July 1989 dongosolo limeneli linatha, ndipo mtengo unagwa chagada. Kenako Vietnam inabzala robusta wochuluka mpaka kukhala yachiwiri kwa Brazil, ndipo pofika 2001 paundi ya khofi inkagulidwa pansi pa masenti 50. Wolima soya zikamuvuta chaka chino, chaka chamawa amabzala mtedza. Wolima khofi sangatero. Mtengo umatenga zaka zitatu kuti uyambe kubereka, ndipo munthu sazula chinthu chimene wachilera zaka zonsezo chifukwa cha msika wa chaka chimodzi. Amangopirira, ana n'kusiya sukulu.

Chizindikiro chimene malume anaona chinabadwira m'mavuto otere. Wansembe wina wa ku Netherlands, Frans van der Hoff, ankakhala pakati pa alimi a kopaletivi ya UCIRI ku Oaxaca, m'dziko la Mexico. Iye ndi Nico Roozen wa bungwe la Solidaridad anayambitsa chizindikiro cha Max Havelaar mu 1988, kuti wogula m'sitolo adziwe khofi amene alimi ake analipidwa moyenera. Mayiko ena anatengera nzeruyi, ndipo mu 1997 mabungwewo anaphatikizana kukhala limodzi, limene lero ndi Fairtrade International, likulu lake ku Bonn, m'dziko la Germany. Oyendera minda ndi mabuku a makopaletivi ndi kampani yawo yotchedwa FLOCERT.

Lonjezo lawo lili pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtengo wotsikitsitsa umene wogula sangapite pansi pake. Kuyambira 2011 unali $1.40 pa paundi ya arabica wotsuka, ndipo mu August 2023 anaukweza kufika pa $1.80. Msika ukakwera kuposa pamenepo, wogula amalipira mtengo wa pamsika. Chachiwiri ndi masenti 20 apamwamba pa paundi iliyonse, amene iwo amati premium. Ndalama imeneyi sipita m'thumba la munthu mmodzi. Imapita ku kopaletivi, ndipo mamembala amagwirizana pa msonkhano choti achite nayo: mjigo, mlatho, makina osendera khofi, kaya mbande zatsopano. Khofi wolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo amawonjezeranso masenti 40.

Amene amatsata nkhani za kumudzi aganiza msanga za mitengo yoyambira imene boma la Malawi limalengeza chaka ndi chaka. Timadziwa kuti venda akafika pamudzi ndi sikelo yake, pepala la boma silimugwira dzanja. Kusiyana kwake n'koti wogula amene akufuna chizindikirochi pa thumba lake amafufuzidwa mabuku, ndipo akabera amalandidwa chilolezo. Pamenepa sindifuna kuchepetsa ubwino wake. Mu 2018 ndi 2019 mtengo wa ku New York unatsika pansi pa dola imodzi, pamene kopaletivi yogulitsa mwa Fairtrade inkalandirabe $1.40 ndi masenti 20 aja pamwamba pake. Kwa banja limene fizi ya mwana wa sekondale ili m'mitengo ya khofi, kusiyana kumeneku ndi moyo weniweni.

Koma tiyeni tiitsate ndalamayo kuchokera pa doko mpaka pakhomo, pakuti panjira pamenepa ndi pamene alimi amasiyanirana.

Mtengo uja salipira mlimi. Amalipira kopaletivi, pa khofi wosenda, woyanika, wosankha, amene wafika pa sitima. Kuti papezeke kilo imodzi ya khofi wotere pamafunika makilo asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso zofiira. Kopaletivi imachotsapo ndalama ya makina, ya malipiro a antchito, ya chiwongoladzanja cha ku banki, ndi ya galimoto. Malawi ndi Zimbabwe alibe nyanja yamchere, ndiye thumba lililonse liyenera kuyenda ulendo wautali kukafika ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Alimi awiri okhala ndi satifiketi yofanana, wina pafupi ndi doko ku Honduras, wina pamwamba pa mapiri a Misuku, sangatsale ndi ndalama yofanana m'manja.

Chinanso chimene anthu ambiri sadziwa n'choti satifiketi si wogula. Imangokupatsa ufulu wogulitsa pa mtengo wa Fairtrade ngati wapeza wofuna kugula pa mtengowo. Makopaletivi olembetsa anachuluka kuposa anthu omwa khofi wa chizindikiro, moti kwa zaka zambiri khofi woposa theka wa alimi a satifiketi wakhala akugulitsidwa pa msika wamba. Koma ndalama yolipira oyendera imatuluka chaka chilichonse, kaya mwagulitsa matumba onse mwa Fairtrade kaya kontena imodzi yokha. Ndiye amene amapeza ogula ndani? Ndi kopaletivi imene ili ndi manijala wodziwa Chingerezi, wokhala ndi intaneti, wotha kutumiza zitsanzo za khofi ku Ulaya ndi kupita ku zionetsero. N'chifukwa chake khofi wambiri wa Fairtrade amachokera ku Latin America, mayiko ngati Peru, Colombia ndi Honduras, kumene makopaletivi anakhwima kale. Ku Malawi njira imeneyi anaitsegula ndi a Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, amene amasonkhanitsa alimi a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay, kummwera chakummawa kwa Mzimba ndi ku Ntchisi. Mlimi amene ali yekhayekha, wopanda gulu, chitseko chimenechi sachiona n'komwe, ndipo kawirikawiri wosauka kwambiri ndi ameneyo.

Tilowe m'kati mwa kopaletivi imodzi, mmene onse ndi mamembala ndipo aliyense ali ndi voti imodzi. Phindu limabwera pa kilo, osati pa mutu wa munthu. Tiyerekeze chaka chimene msika uli pa dola imodzi ndipo mtengo wotetezedwa uli pa $1.40. Kusiyana kwake ndi masenti 40 pa paundi, kapena masenti 88 pa kilo. Mayi wamasiye amene mitengo yake yatulutsa makilo 100 wapulumutsa madola 88. Mnansi wake amene watulutsa makilo 1,000 wapulumutsa madola 880. Onse athandizidwa, palibe wabedwa. Koma wachiwiriyu agula feteleza, abzala mbande zina, mwina agulanso kamunda ka munthu amene wapanikizika ndi ngongole, ndipo chaka chamawa mpata wa pakati pawo wakula. Pa msonkhano wogawa masenti 20 aja, amene amayankhula kwambiri ndi kusankhidwa m'komiti ndi omwewo odziwa kuwerenga, okhala ndi nthawi yokhala pa benchi tsiku lonse chifukwa kumunda asiyako aganyu.

Za amayi nazo n'zosabisika. Kumpoto kwa Malawi, kumene khofi wa alimi ang'onoang'ono ali wambiri, malo amatsata kuchimuna, kusiyana ndi kwathu ku Dedza kumene munda ndi wa mbumba. Dzina lolembedwa m'kaundula limakhala la bambo. Wopalira, wothyola, wosenza dengu kupita kosendera mbandakucha amakhala mayi, koma tsiku la malipiro amaitana dzina la m'buku. Makopaletivi ena anayamba kulemba amayi paokha ndi kugulitsa khofi wawo padera, ndipo ndi njira yabwino, koma imathandiza mayi amene mwamuna wake wavomera kumugawira mitengo.

Tsopano tifike pa funso la malume. Khofi sapsa tsiku limodzi. Pa nthambi imodzi pamakhala zofiira, zachikasu ndi zobiriwira, ndipo wofuna khofi wabwino amabwerera pa mtengo womwewo kangapo, kutola zofiira zokhazokha. Ngakhale mlimi wa maekala awiri sangathe yekha ndi banja lake. Amaitana aganyu. Anthu amenewa alibe munda wa khofi, sali m'kaundula, savota pa msonkhano, ndipo woyendera akabwera mwezi umene kulibe kukolola sawapeza. Malamulo ambiri a Fairtrade okhudza antchito amagwira mwamphamvu pa amene walemba anthu ambiri kwa nthawi yaitali. Wa masiku atatu, wolipidwa pa chitini, amadutsa pansi pake.

Mu 2014 gulu la akatswiri a ku SOAS, sukulu ya ukachenjede ya ku London, motsogozedwa ndi Christopher Cramer, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zaka zinayi ku Ethiopia ndi ku Uganda. Iwo anasiya eni minda n'kukafunsa aganyu. Anapeza kuti m'madera mmene munali alimi a satifiketi ya Fairtrade, malipiro a aganyu nthawi zambiri anali otsika kuyerekeza ndi madera ena olima mbewu zomwezo, ndiponso kuti ena mwa osaukitsitsa sankafikira zinthu zomangidwa ndi ndalama yapamwamba ija. A Fairtrade anatsutsa, nati si chilungamo kuyerekeza mlimi wamng'ono wa kumudzi ndi famu yaikulu imene ili ndi ndalama zolipirira bwino. Mfundo yawo ili ndi mutu. Wolemba ganyu uja nayenso ndi wosauka, amabwereka kuti alipire othyola. Koma kuvomereza zimenezi sikusintha kanthu m'mbale ya wothyolayo.

Ku Costa Rica, Raluca Dragusanu, Eduardo Montero ndi Nathan Nunn anaunika zaka za 1999 mpaka 2014. Anapeza kuti eni minda anapinduladi, makamaka zaka zimene msika unagwa, ndipo amene anataya ndi ogula apakati. Apa chizindikiro chinachita zimene chinalonjeza, kuchotsa ndalama kwa wapakati kupereka kwa mlimi. Koma kwa antchito wamba a m'minda, amene ndiwo osauka kuposa onse m'ntchito ya khofi, sanapeze kusintha.

Wina anganene kuti vuto linali mtengo wotsika, ndiye ukakwera zonse zikhala bwino. Taona kale mmene zimakhalira. Chifukwa cha chilala ku Brazil ndi ku Vietnam, mu February 2025 arabica anadutsa madola anayi pa paundi, mtengo umene unali usanaonekepo. Nyengo yotere $1.80 ija imangogona, ilibe ntchito. Mavenda amafika pakhomo ndi ndalama m'manja. Kopaletivi imalipira kawiri, pang'ono popereka zipatso, yotsala miyezi ingapo khofi akagulitsidwa kunja. Amene ali ndi chimanga m'nkhokwe amadikira malipiro achiwiriwo. Amene mwana wagonekedwa m'chipatala amakumbuka kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo amagulitsa lero lomwe, mwinanso anagulitsiratu khofi akadali maluwa. Sindingamuweruze. Koma kopaletivi imene inalonjeza wogula wa ku Ulaya makontena akutiakuti imasowa khofi wokwanira, ndipo wogulayo chaka chamawa amapita kwina.

Kuno ku Zimbabwe nkhaniyi ili ndi fungo lakelake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 dziko lino linkatulutsa matani pafupifupi 15,000 a khofi pachaka, wambiri kuchokera m'mafamu aakulu a ku Chipinge ndi ku Vumba. Minda itagawidwa kuyambira 2000, mitengo yambiri inasiyidwa kapena kuzulidwa, ndipo zokolola zinatsika mpaka matani mazana ochepa. Antchito a m'mafamu amene analandira malo anali ochepa kwambiri. Ambiri a ife a makolo ochokera ku Malawi tinalibe mudzi kuno woti tibwerereko, ndipo ziphaso zathu zinkatitchula alendo mpaka malamulo a dziko a 2013 atatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno. Malume anachoka ku Chipinge ndi chikwama chimodzi ndi luso la zaka zambiri lodziwa kudulira mtengo wa khofi, luso limene ku Highfield lilibe munda.

Ndipo ngakhale esiteti ija ikanakhalapo, chizindikiro cha pa kathumba kaja sichikanawafikira. Pa khofi, Fairtrade International imapereka satifiketi kwa magulu a alimi ang'onoang'ono okha. Pa tiyi, nthochi ndi maluwa amalola maesiteti, ndipo kumeneko ndalama yapamwamba imayendetsedwa ndi komiti ya antchito. Nkhani yoti maesiteti a khofi alowe kapena asalowe inali imodzi mwa zimene zinagawanitsa gululi, pamene Fair Trade USA inapatuka kumapeto kwa 2011. Mbali ina inkati mukalola maesiteti, alimi ang'onoang'ono aphwanyidwa pa msika umene anaumanga okha. Inayo inkati mukawakana, mwataya anthu opanda malo amene ali osauka koposa. Ine mtima wanga umakhala pakati, chifukwa mbali ina ndikuona achibale a kumudzi, inayo ndikuona malume. Chizindikiro cha kachule kobiriwira, cha Rainforest Alliance, imene inaphatikizana ndi UTZ mu 2018, chimalola mafamu aakulu ndipo chimayang'ana za nkhalango, mankhwala ndi kasamalidwe ka antchito, koma chilibe mtengo wotsikitsitsa wa khofi ngati wa Fairtrade.

Khofi wa kuno akudzukanso pang'onopang'ono, ndipo njira yake ndi ina. Kampani ya Nespresso, mogwirizana ndi bungwe la TechnoServe, yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono a ku Honde Valley ndi madera oyandikana nawo, ndipo mu 2019 inatulutsa khofi wotchedwa Tamuka mu Zimbabwe. Chaka chomwecho, mu March, namondwe wa Idai anasakaza Chimanimani ndi Chipinge. Malonda otere amalipira malinga ndi ubwino wa khofi, ndipo angathe kuposa mtengo wa chizindikiro chilichonse. N'zosangalatsa kuona mabanja akubzalanso. Komabe ubwino wa khofi uli ndi zofuna zake: madzi oyera otsukira, makina osendera tsiku lomwelo, mathandala oyanikira, ndi mphamvu yodikira zaka zitatu mbande zisanabweze kanthu. Koposa zonse umafuna malo. Sefa yosiya osauka kunja ndi yomweija, yangosintha dzina.

Kutsogoloku kukubwera sefa ina. Mu 2023 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo loti khofi wolowa kwawo asachokere pamalo pamene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 December 2020, ndipo munda uliwonse uyenera kudziwika pamene uli pa mapu a setilaiti. Tsiku loyamba kugwira ntchito lasunthidwapo kale, koma ogula anayamba kufunsa manambalawo. Kopaletivi yolimba itumiza anyamata ndi mafoni kukayeza minda ya mamembala ake. Wogula amene akuopa chindapusa adzasankha kugula kwa famu imodzi yaikulu m'malo mwa alimi 500 obalalika m'mapiri. Cholinga cha lamuloli n'chabwino, tonse taona mapiri ometedwa mpala. Koma mtolo wa umboni ukugwera amene analibe kale pepala lililonse la munda wake.

Tsiku lija mlongo wanga anatenga foni n'kuyamba kuwerengera. Kapu imene amagulitsa madola atatu imadya khofi wosakwana magalamu 25 asanakazingidwe. Pa $1.80 pa paundi, ndiye kuti kopaletivi imalandirapo masenti osapitirira khumi, ndipo ndalama yapamwamba ija ndi senti imodzi basi. Zotsalazo ndi za lendi, mkaka, magetsi a jenereta, wokazinga, wonyamula, msonkho, ndi malipiro a iye mwini, amenenso sakwanira mwezi. Pa masenti khumiwo ndi pamene tikuyembekeza kuti mwini munda, mkazi wake ndi waganyu agawane mwachilungamo.

A Fairtrade eni ake anavomereza kuti mtengo wotsikitsitsa sukwanira, ndipo anayamba kuwerengera mtengo wina, woti banja la mlimi lidye, livale, liphunzitse ana ndi kulipira antchito moyenera. Anayambira ku Colombia mu 2021. Koma mtengo umenewu wogula amalipira akafuna, sakakamizidwa. Ine ndikagula khofi ndimasankhabe wa chizindikiro kapena wa alimi a kuno kwathu, chifukwa chaka cha mavuto chimabwera ndithu ndipo chotchinga chochepa chimaposa kusowa chotchinga. Chimene ndinasiya ndi kuganiza kuti munthu wokweza dzanja uja akuimira aliyense amene anagwira chipatsocho.

Mlongo wanga atamaliza kuwerengera, malume anafunsa kuti masiku ano wothyola amalandira zingati pa chitini ku Honde Valley. Tinayang'ana pa kathumba paja. Panali dzina la dziko, kutalika kwa phiri, mtundu wa mbewu, tsiku lokazinga, ndi mawu ofotokoza kuti khofiyo amamveka ngati zipatso zanji pakamwa. Malume anathiramo mbewu yawo ya therere, napinda pakamwa pake, n'kutiuza kuti kwa iwo chitini chikapezeka ndi zobiriwira zingapo, kapitawo ankadula theka la malipiro a chitini chonsecho.